A Jenerali Kabawi Apuma Pantchito

M'mudzi wina waukulu ndithu, umene eni ake ankautcha dziko chifukwa unali ndi mbendera, nyimbo yafuko ndi nduna zochuluka kuposa mijigo, munali gulu lankhondo la mumlengalenga. Gulu limeneli linali ndi ndege imodzi ndi woyendetsa mmodzi, ndipo onse awiri anali ndi vuto la mawondo. Ndegeyo ankaitcha Kabawi. Woyendetsa wake anali Kaputeni Esau Mbalule.

Kabawi sanali ndege yothamangitsana ndi zinzake m'mitambo ayi. Ntchito yake inali yapansipansi: kuuluka mopalasa nsonga za mitengo, kusakasaka akasinja ndi magalimoto a adani, kenako n'kuwalavulira zipolopolo. Akuluakulu amati pamasiku ake akangobangula kuseri kwa phiri, asilikali a adani ankataya mfuti n'kuyamba kukumbukira mapemphero a ku Sande sukulu. Koma masiku akewo anapita kalekale, wailesi ikadali yomvera mudzi wonse pakhonde limodzi. Tsopano ankangokhala m'chishedi chake kumapeto kwa bwalo la ndege, utoto utasupuka, matayala ataphwa, mafuta akuda akudontha kumimba. Ulendo womaliza umene Mbalule anamuulutsa, injini imodzi inatsokomola pamwamba pa msika n'kungoti zii. Anatera bwinobwino, anthu n'kuwomba m'manja, koma iye anazemba kupita kuseri kwa shedi kukasanza. Kumeneko analumbira chamumtima kuti mpando umenewo sadzaukhalanso.

Komabe ndegeyo ankaikonda kwabasi, ndipo chikondi chakecho chinali chofolera ndi malata. Woyendetsa Kabawi ankakhala m'nyumba ya boma pafupi ndi bwalolo, nyumba ya magetsi, ya mpopi m'kati, ya chimbudzi chogejemula, ndi mtengo wa mapeyala pakhomo. Lamulo linali lakuti ndege ikapuma pantchito, woyendetsa wake nayenso apume n'kutuluka m'nyumbamo. Tsono kolowera kwa Mbalule kunali kumodzi kokha, kwawo kwa mkazi wake Nankhoma, kuchikamwini, kumene anachokako ali mnyamata atalonjeza kuti abwera mwezi wamawa kudzamanga nyumba. Imvi zinamera mpaka m'makutu mwezi wamawawo usanafike. Mlamu wake a Dafuleni, mwinimbumba wa kumeneko, sankalephera kutumiza moni chaka ndi chaka: "Mukawauze alamu kuti malo aja tikuwasungirabe, ndipo khola la mbuzi za amayi likufuna munthu wodziwa zamakina." Mbalule akamva moni ameneyu, ankangodzifunsa yekha. Munthu woti anaiona mitambo kumsana kwake akakhale wotumidwa kukadula mitengo ya khola la apongozi? Zimenezi ankaziopa kuposa mzinga wina uliwonse.

Chaka china boma linaitana katswiri wa zankhondo, mayi wina wamagalasi amene anaphunzira kunja n'kuiwala kuti choonadi kuno timachinena mozungulira. Mayiyu anamuyendera Kabawi, anamugogoda m'mapiko, anasuzumira m'injini mavu n'kumuluma, kenako anakaima pamaso pa Olemekezeka a Dokotala Simeoni Kathyole, Nduna ya Chitetezo cha Mlengalenga ndi Zouluka Zonse Kupatula Ngumbi.

"Olemekezeka, ndege iyi inagwira ntchito yake, koma nthawi yake inatha," anatero mayiyo. "Imauluka pansi, imayenda pang'onopang'ono, ndipo imamveka ikadali kutali. Masiku ano msilikali mmodzi wonyamula kamzinga paphewa akhoza kuigwetsa asanamalize kutafuna chinangwa. Anzathu akugula madironi, tindege topanda munthu m'kati, toyendetsa munthu atakhala pampando kwawo. Iyi igulitseni kwa osula mapoto."

Mawu sachedwa kuyenda. Dzuwa lisanapendeke, osula mapoto a kumsika anali atayamba kale kuzungulira mpanda wa bwalo, akuyeza mapiko ndi maso n'kumatsutsana ngati phiko limodzi lingakwanire mapoto a paukwati. Mbalule atawaona, anathamangira kunyumba, anavala mamendulo ake onse pamodzi ndi ya mpira wa miyendo yomwe, n'kukagwada mu ofesi ya a Nduna.

"Bwana Nduna, galu wamkota sakandira pachabe. Ndege iyi inamenya nkhondo inu ndi ine tisanamere ndevu. Lero tiisandutse mapoto ophikira nyemba? Mawa anthu adzati boma ili limaphika asilikali ake akale."

A Nduna anayasamula.

"Komanso bwana, pachikondwerero cha ufulu mudzaima kutsogolo kwa chiyani pojambulitsa? Kutsogolo kwa kadironi konga mbale ya ndiwo?"

Apa a Nduna anakhala tsonga, chifukwa nkhani inali itafika pa chitetezo chenicheni cha dziko.

Tsono m'mudzimo munali mwambo umene alendo sankaumvetsa. Munthu wamkulu akalephera ntchito sankachotsedwa, pakuti kuchotsa wamkulu n'kumuchititsa manyazi, ndipo manyazi otero amadonthera amene anamulemba ntchitoyo. M'malo mwake ankamukweza udindo, kuti akalepherere pamwamba pomwe anthu wamba sangaone bwino. Amene anamanga mlatho umene unakokoloka ndi mvula yoyamba anali tsopano mkulu wa milatho yonse. Amene anataya mayeso a ana mumtsinje anali mlangizi wa zamaphunziro. Mbalule sanapeke chatsopano, anangokumbutsa a Nduna za chikhalidwe chawo.

"Ngati Kabawi sangathenso kumenya nkhondo, bwana, ndiye kuti wakwana kukhala Meja."

A Nduna anamugwira chanza ndi manja awiri. Loweruka lotsatira bandi inaimba, mbuzi zinagwa, ndipo mmisiri wolemba zikwangwani za magolosale anajambula nyota ya udindo pamphuno ya ndegeyo. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso woti Kabawi, onse ankati a Meja Kabawi. Osula mapoto anabwerera kumsika akung'ung'udza. Katswiri uja, poti sanalephere kanthu, sanakwezedwe. Anamutumiza kunthambi yoona za ngumbi.

M'mawa mwake panatulukira ubwino wina umene ngakhale Mbalule sanaulote. Meja ndi wamkulu kwa Kaputeni. Akuluakulu a mwambo wa usilikali atakhala pansi anagamula kuti n'chipongwe chosaneneka kuti wamng'ono akwere pamsana pa bwana wake, kaya atavala jombo kaya atavula. Mbalule analandira chigamulocho ndi nkhope ya pamaliro, nati mtima wake wasweka, koma lamulo ndi lamulo. Atangokhota pakona anayamba kuimba mluzu. Ntchito yake tsopano inali kufika kushedi m'mawa, kuwachitira sawatcha a Meja, kuwafunsa ngati agona bwino, n'kubwerera kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Nankhoma, khoswe wakhala pamkhate," anauza mkazi wake akuseka. "Ndege siichoka, ine sindiuluka, nyumba ndi yathu. Ukawauze achimwene akowo kuti mbuzi azimange ndi zingwe."

Nankhoma anapitiriza kusankha mpunga wake. "Bambo a Tereza, amuna anzanu akuumba njerwa. Inu mukuumba udindo wa chitsulo. Tiona chimene chidzakufunditseni mvula ikadzabwera."

Mbalule anati akazi sadziwa zankhondo, ndipo anapempha kuti amuwonjezere shuga mu tiyi.

Kuyambira pamenepo, funso la tsogolo la ndegeyo likangodzuka, yankho linali lokonzeka, ndipo wolibweretsa anali Mbalule yemweyo. A mudzi wa kutsidya kwa mtsinje atagula madironi, aphungu ena anayamba kufunsa mafunso achibwana m'nyumba ya malamulo, ndipo a Meja anakhala a Brigadiya. Phiko lakumanzere litagwa lokha tsiku lina masana mopanda mphepo, analimangirira ndi waya wa mpanda, ndipo a Brigadiya anakhala a Jenerali. Udindo umabwera ndi zake. A Jenerali Kabawi anapatsidwa alonda, mbendera yawoyawo, ndi mlembi amene ankakhala pakhomo la shedi akuluka zipewa za ana. Mafuta a a Jenerali ankabwera mwezi ndi mwezi ndipo ankatha mwezi ndi mwezi, ngakhale m'injini munali mudzi wa mavu. Palibe anafunsa, pakuti wamkulu safunsidwa chimene wadya.

Kunena chilungamo, pa akuluakulu onse a m'mudzimo, a Jenerali Kabawi ndiwo anali ndi mbiri yoyera. Sanapereke mimba kwa mwana wasukulu, sanalande munda wa mayi wamasiye, ndipo sanalankhulepo pamaliro. Poti sakanatha kupita kumisonkhano, misonkhano ndiyo inkapita kwa iwo. Nduna zinkakhala pamipando pansi pa phiko labwinolo, a Kathyole n'kulankhula mpaka malovu kuuma, kenako onse n'kutembenukira kwa a Jenerali kuti amve maganizo awo. Pakapita kanthawi dontho la mafuta linkagwa pansi kuti tho! "Avomereza," ankatero a Nduna, mlembi n'kuika singano pansi kuti awombe nawo m'manja. Anthu ankati chiyambire mudziwo sunakhalepo ndi mkulu wa asilikali wofatsa chonchi.

Zinthu zikanapitirira bwino chomwecho mtsinje ukanakhala ndi mwambo. Koma chaka china unasintha njira, n'kusiya dimba lonse la nzimbe ndi tomato mbali ya a kutsidya. A kuno anati dimba ndi lathu chifukwa tinadzala ndife. A kutsidya anati malire ndi mtsinje, ndipo mtsinjewo wasankha wokha. Anatukwanizana pawailesi mpaka mawu anatha, kenako madironi anayamba kubwera. Ankalira ngati udzudzu wonenepa, kuzungulira pamwamba pa msika, kusuzumira m'mabafa opanda denga, amayi n'kumasamba atavala zitenje. Tsiku lina kadironi kena kanaponya kabomba m'khola la nkhumba la a Nduna, ndipo nkhumba yaikazi yoyembekezera inafera dziko lake. Madzulo asanafike, nkhondo inali italengezedwa.

Msonkhano wa nkhondo unachitikira m'shedi monga mwa nthawi zonse. Mbalule anaima kumbuyo. Ankayang'ana waya wa paphiko uja n'kumaganiza za anthu a kamzinga paphewa.

"Yafika nthawi yoti gulu lathu la mumlengalenga lionetse mano," anatero a Nduna. "A Kaputeni, konzekani."

Mbalule anachita sawatcha. "Bwana Nduna, magazi anga akuwira, ndikufunitsitsa nditapita. Koma ndingakwere bwanji pamsana pa a Jenerali? Mwambo ukundimanga manja."

A Nduna anaseka mpaka anachotsa magalasi. "A Kaputeni, wakuuzani ndani kuti a Jenerali akupita? Munaona kuti Jenerali akupita kumene kukulira mfuti? A Jenerali atsogolera nkhondoyi ali konkuno. Amene mukupita ndinu."

"Ndiuluka pa chiyani, bwana?"

"Zimenezo ndi za inu a m'munsi. Ife kuno timaona chithunzi chachikulu."

Onse anatembenukira kwa a Jenerali. Mbalule anayang'anitsitsa kumimba kwawo akupemphera kuti mwina lero lokha mafuta aume. Dontho linakula pang'onopang'ono, linalendewera, n'kugwa.

Anamupatsa bomba limodzi lakale la a Jenerali, lochita dzimbiri, ndi wilibala yobwereka kwa omanga. Lamulo linanenetsa kuti poti bombalo ndi la ndege, liyenera kugwera adani kuchokera kumwamba, choncho akafika kumtsinje apeze mtengo wabwino akwere nalo. Bandi inamuperekeza mpaka pampanda n'kubwerera. Ndipo gulu lonse lankhondo la mumlengalenga linatsika njira ya kudimba likukankha wilibala, tayala likulira kwiii kwiii, agalu a m'midzi akulitsatira. Mawondo ankaphulika, msana unkayaka moto, koma Mbalule ankadzilimbitsa mtima poganiza za mpopi wa m'nyumba ndi chimbudzi chogejemula. Ena amafera mbendera, ena amafera ufulu. Iye ankadziwa bwino chimene akuvutikira, ndipo pa asilikali onse a nkhondo imeneyo ndi iye yekha amene ankadziwa.

Atayandikira mtsinje anamva kulira kuja pamwamba pa mutu wake. Anasiya wilibala n'kudziponya m'ngalande, mmene munali chitedze chokhwima bwino. Kadironi kanatsika mpaka anaona diso lake lagalasi. Kanamuyang'ana iye, kanayang'ana bomba, kanayang'ana wilibala, kanabwereranso kwa iye. Mbalule anatsinzina n'kuyamba kulapa machimo ake kuyambira a ku pulayimale. Atatsegula maso, kanthuko kanali kakupita, kakupendekera uku ndi uku ngati munthu amene akuseka. Poyamba anathokoza Mulungu. Kenako zinamuwawa kwambiri, kuposa chitedze, kuti munthu wina kutsidyako wamuona Kaputeni wathunthu wa mamendulo n'kuganiza kuti sakuyenera kumuwonongera bomba.

M'ngalandemo anakhalamo masiku angapo, akudzikanda, akudya nzimbe za m'mphepete, akudikira kuti apeze mphamvu zokwezera bomba mumtengo. Mphamvuzo zisanabwere, mvula inagwa kumapiri. Mtsinje unadzaza, unakokolola dimba lonse, nzimbe, tomato, wilibala ndi bomba lomwe, n'kusiya mchenga wokhawokha. Popeza panalibenso cholimbirana, mbali zonse ziwiri zinalengeza kuti zapambana.

Pobwerera, Mbalule anamva nkhani yonse pawailesi ya pagolosale ina. Wolengeza ankachita kunjenjemera mawu. Nkhondo yapambanidwa chifukwa cha utsogoleri wanzeru wa a Jenerali Kabawi, amene nkhondo yonse sanasunthe ngakhale phazi limodzi pamalo awo. Adani anawazungulira ndi madironi tsiku ndi tsiku koma sanayerekeze kuwakhudza. Mayi wogulitsa pagolosalepo anatsonya n'kunena kuti a kutsidya si opusa, angaphwanyirenji chinthu chimene chikuwathandiza kutimalizira mafuta? Mbalule anamudzudzula kuti asanyoze akuluakulu. Mumtima ankasangalala, pakuti ndege yopambana nkhondo palibe angaitchulenso za mapoto.

Atatulukira pabwalo la ndege anaima chilili. Nyumba yake inali itapakidwa laimu, mbee! Panali tenti, mipando yoyalidwa nsalu, mbendera m'mitengo, ndi bandi ikuyesa malipenga. Misozi inalengeza m'maso mwake. Zoona boma limachedwa koma siliiwala. Anakonza kolala, anapukuta mamendulo ndi malovu, n'kuyamba kuyenda mwachisilikali ngakhale thupi lonse linkanyerenyetsa.

Atayandikira ndipo anaona zinazo. Mtengo wa mapeyala unali pansi. Amuna a nyundo anali atagumula khoma lonse lakumaso, moti pabalaza pankaoneka kuchokera kumsewu. Pambali panaima lole itasenza bedi, mipando ndi mapoto, Nankhoma atakhala pamwamba pa matiresi atafunda chitenje. Kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, kunali a Dafuleni atavala jekete la kutchalitchi, akumwetulira ngati munthu amene ng'ombe yake yotayika yapezeka.

"Nankhoma, chikuchitika n'chiyani?"

"Afunseni abwana anuwo, bambo a Tereza. Ine ndangouzidwa kuti ndisaiwale makatani."

A Nduna anamulandira ndi manja awiri. "A Kaputeni, mwafika nthawi yabwino! A Jenerali aganiza zopuma pantchito mbiri yawo ikadali pamwamba. Ndiye mukudziwa malamulo athu, Jenerali wopuma amapatsidwa nyumba ya boma moyo wake wonse. Poti miyendo yawo ndi yovutirapo, tinafuna yapafupi. Tagwirani apa, tikusowa anthu okankha."

Ndipo Mbalule anakankha. Anaika phewa pa tayala lakuphwa pamodzi ndi alonda ndi oimba malipenga, bandi yotsalayo ikuimba nyimbo yafuko. Mapiko anakana kulowa, choncho anawasiya akutuluka mbali zonse pamwamba pa maluwa a Nankhoma. Mphuno inalowa bwinobwino, inadutsa pabalaza, n'kukaima pamene pankakhala mpando wake womvera wailesi. Dontho loyamba linagwa pasimenti yopolishidwa, ndipo anthu anati a Jenerali ayikonda nyumbayo.

Mwambo uli m'kati, Mbalule anawakokera a Nduna pambali. Ulemu wonse wa usilikali unali utamuthera, anangogwira m'manja ngati wopempha mchere.

"Bwana, ndakutumikirani moyo wanga wonse. Mundisiyireko kanyumba ka antchito kakuseriko. Ngakhale apume, a Jenerali ndi ndege. Ndege imafuna woyendetsa."

A Nduna anamugwira paphewa mwachifundo, koma analankhula mokweza kuti atolankhani amve.

"A Kaputeni, mukutsalira. Nkhondo ya masiku ano ndi ya ndege zopanda munthu m'kati. A kutsidya angoyamba dzulodzuloli n'kumadzitama. Athuwa akhala opanda munthu m'kati zaka zonsezi, ndipo amene munatitsogolera pa chitukuko chimenechi ndinu. Dziko likukuthokozani. Chakale chimene chinatsala m'gulu lathu ndinu nokha."

Anthu anawomba m'manja, amayi analuluta, a Dafuleni analiza hutala ya lole. Msilikali wina anatambasula dzanja, ndipo Mbalule anapisa m'thumba n'kupereka makiyi, ngakhale nyumbayo inalibenso chitseko.